Forklift ikayamba kugwa, musadumphe

Tsiku loyamba la maphunziro oyendetsa forklift, makina onyamula ndi kukweza katundu m'mashedi, ndimawafunsa madalaivala funso limodzi: "Forklift ili ndi matayala anayi, koma imaima pa miyendo ingati?" Ambiri amati inayi. Yankho ndi itatu, ndipo amene sanamvetse zimenezi sindimupatsa makiyi, ngakhale akhale woti wayendetsa thiraki zaka 20.

Matayala awiri akutsogolo ndi omangirira kuthupi la makinawo. Akumbuyo aja ali pa chitsulo chimodzi chopingasa chomwe chinakolekedwa pakati penipeni, kuti chizitha kupendekera uku ndi uku pansi pakakhala pokumbikakumbika. Ndiye forklift imakhala ngati mphika pamafuwa, awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo. Amayi onse akudziwa kuti mphika umakhazikika pokhapokha kulemera kwake kuli pakati pa mafuwa atatuwo. Ukasendera kunja pang'ono, phala lonse lili paphulusa.

Chimene chimasendeza kulemerako msanga ndi kukweza katundu m'mwamba. Onani mayi wosenza ndowa yodzadza: satembenuka mwadzidzidzi, amazungulira thupi lonse pang'onopang'ono, chifukwa cholemera chili pamutu. Dalaivala amene akuyenda paleti, thandala lamatabwa losanjikapo katundu, ili mamita atatu m'mwamba, nkukhota ngati palibe kanthu, akuchita zimene mayiyo sangayerekeze. Poyenda, mafoloko, zitsulo ziwiri zakutsogolo zonyamulira katundu, azikhala masentimita 15 kapena 20 kuchokera pansi, mlongoti wokwezera uja utapendekera kumbuyo. Kukweza nkwa pamalo potula basi, makina ataima.

Pali china chimene ambiri amakana kuchikhulupirira poyamba. Forklift yopanda katundu imagwera chammbali mosavuta kuposa yomwe yanyamula katundu m'munsi. Kumbuyo kwake kuli chitsulo cholemera kwambiri chimene ntchito yake nkulimbana ndi katundu wakutsogolo. Mukatula, kulemera konse kumabwerera kumbuyo, kumene kuli fuwa limodzi lokha. Ndipo nthawi yomweyo ndi imene dalaivala amamasuka mtima, amati ndatula, nkuponda moto pobwerera. Pakona yoyamba tayala limodzi limanyamuka.

Apa ndiye pali nkhani yanga yaikulu. Makina akayamba kupendekeka, thupi la munthu limamuuza chinthu chimodzi: dumpha. Ndipo amadumphira mbali imene makinawo akugwera, chifukwa kumeneko ndi kumene pansi payandikira. Miyendo ikangofika pansi, denga lachitsulo lija, lomwe analiika kuti limuteteze ku katundu wogwa, limamupeza pakhosi, pamutu kapena pachifuwa, monga diwa limagwera mbewa. Forklift yonyamula matani 2.5 payokha imalemera pafupifupi matani anayi, kulemera kwa galimoto zing'onozing'ono zitatu. Palibe nthiti imene ingapirire zimenezo, ndipo palibe munthu waliwiro loposa kugwa kwake.

Chochita nchosemphana ndi zimene mtima ukufuna. Khalani pampando. Gwirani chiwongolero ndi manja onse mwamphamvu, tsamiritsani mapazi pansi, ndipo pendekerani thupi mbali imene makinawo akuchokera, osati kumene akugwera. Mudzasupuka, mwina mkono udzathyoka, koma zitsulo zozungulira mpandozo zidzakusiyirani malo opumira. Ntchito ya lamba wapampando ndi imeneyi. Madalaivala amandiuza kuti, "Bwana, timatsika nkukwera kambirimbiri pa tsiku, lamba amatichedwetsa, komanso sitithamanga ngati pamsewu." Lamba wa forklift sanamuikire liwiro. Anamuikira kuti akugwireni pampando pamene mantha akukukankhirani kunja. Ndikapeza lamba atamangidwa kumbuyo kwa msana pofuna kunamiza makina kuti injini ilire ngati dalaivala wamanga lamba, zimandiwawa kuposa cholakwa china chilichonse.

Pafupi ndi mpando pamakhala kachitsulo kolembedwa mphamvu ya makinawo. Tinene kuti palembedwa 2,500 kg pa 500 mm. Anthu amawerenga nambala yoyamba yokha, nkunena kuti matumba 50 a simenti akwana. Inde akwana, koma pokhapokha pakati pa katunduyo pali theka la mita kuchokera patsinde pa mafoloko. Katundu akakhala wamtali, pakati pake nkufika pa mita imodzi, mphamvu ija imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena chapompo. Yesani kunyamula chidebe cha madzi mkono uli pafupi ndi thupi, kenako muutambasule, mudzamva kusiyana kwake. Chizindikiro chakuti mwapitirira muyeso ndi chiwongolero kupepuka, chifukwa matayala akumbuyo ayamba kusiya pansi. Ndinaonapo anyamata awiri atauzidwa kukwera kumbuyo kuti awonjezere kulemera. Amene anawatuma anali kuika miyoyo itatu pachiswe pofuna kupewa ulendo wachiwiri wa mphindi zitatu.

Pamtsetse lamulo ndi lalifupi: katundu aziyang'ana kumtunda nthawi zonse. Pokwera mupite chakutsogolo, potsika mubwerere chammbuyo, ndipo musakhote muli pakati pa mtsetse.

Koma si dalaivala yekha amene amavulala. Forklift imakhotera matayala akumbuyo, choncho mutu ukaloza kumanja, kumbuyo kumakwapula kumanzere. Munthu wozolowera galimoto zapamsewu sayembekezera zimenezi, amaima pambali nkumaganiza kuti wapatuka mokwanira. Zinachitika pashedi ina imene ndinkagwirako ntchito, nyengo ya feteleza, mathiraki atandanda panja ndipo aliyense akukalipira mnzake. Bambo wina waganyu anawerama kuti atole thumba long'ambika. Dalaivala anayang'ana kutsogolo kokha, nkukhota. Tayala lakumbuyo linadutsa paphazi la bamboyo, ali ndi patapata kumapazi. Anapulumuka, koma sanasenzenso thumba. Dalaivalayo sanali chidakwa kapena wamwano ayi, anali mnyamata wakhama amene anauzidwa kuti thiraki ichoke isanakwane 4 koloko.

Nchifukwa chake sindivomereza kuti ngozi iliyonse tiziikankhira kwa woyendetsa. Pitani ku Kanengo kapena ku Limbe msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, kapena m'mashedi a feteleza mvula ikayandikira, muone mmene anthu apansi ndi makina amapiringizanirana njira imodzi. Kujambula mizere ya oyenda pansi, kuika magalasi m'makona, kugula nsapato zachitsulo kumphuno, kukonza hutala ndi mabuleki, zonsezi ndi za mwini ntchito. Kapitawo amene amalola munthu kukwezedwa ataima papaleti kuti akasinthe babu kudenga, iyeyo ndiye walakwa koyamba. Chimodzimodzi amene amalola forklift kulowa m'thiraki yomwe matayala ake sanapingidwe: thiraki imasuntha pang'onopang'ono ulendo uliwonse, mpaka pakati pa khonde ndi thirakiyo patseguka mpata woti makina agweremo. Ndipo forklift ya dizilo kapena ya gasi ikagwira ntchito nthawi yaitali m'chipinda chotseka, utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha. Mutu ukayamba kuwawa ndi chizungulire, tulukani nonse.

Maiko ena anakhwimitsa za maphunziro. Ku America woyendetsa amayesedwanso zaka zitatu zilizonse, ndipo ku South Africa setifiketi ya forklift imatha pakapita zaka ziwiri. Abale athu ofuna ntchito m'mashedi a ku Johannesburg ndi Durban, musagule pepala kwa munthu amene sanakukwezeni pamakina. Pepalalo lidzakulowetsani pageti, koma silidzakuuzani chochita tayala likanyamuka. Kuno kwathu lamulo la chipukutamisozi cha ovulala pantchito, Workers' Compensation Act la mu 2000, lilipo, koma limathandiza bwino ngozi ikalembedwa ndi kukanenedwa ku ofesi ya zantchito. Musalole kuti nkhani ithere pa ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala.

Tsiku lomaliza la maphunziro ndimamukhazika aliyense pa forklift yozimitsa, mafoloko ali pansi, lamba atamanga. Ndimaima pambali, nkukuwa mwadzidzidzi kuti, "Ikugwera kumanzere!" Agwire chiwongolero, aponde pansi, apendekere kumanja. Timabwereza kakhumi, nthawi zina kuposa apo, ndikusinthasintha mbali. Ulendo woyamba pafupifupi aliyense dzanja limathamangira pachomasulira lamba, ndipo sindisaina pepala lake mpaka dzanjalo litasiya kupitako.