Hatchi si ng'ombe, musaidyetse ngati ng'ombe

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akulangiza ofuna kuweta hatchi kuti palibe chovuta: amati imadya ngati ng'ombe, ingoithirirani gaga wodzadza beseni m'mawa basi. Malangizowa ndatopa nawo, chifukwa angathe kupha chiweto.

Ng'ombe ili ndi chifu cha zigawo zinayi ndipo imabzikula. Hatchi ili ndi chifu chimodzi, chaching'ono poyerekeza ndi thupi lake, ndipo sitha kusanza. Chimene yameza chiyenera kudutsa m'matumbo monse. Ikadya gaga kapena chimanga chambiri nthawi imodzi, chimasasa m'matumbo, mimba imapotokola, hatchi n'kumapalasa pansi, kuyang'ana m'nthiti mwake, kugubuduzika. Nthawi zina ziboda zimatupa mkati mpaka kulephera kuyenda. Chakudya chochita chuku nachonso n'choopsa kwambiri.

Chimene imafuna ndi udzu, pang'onopang'ono, pafupifupi tsiku lonse. Hatchi ya makilogalamu 500 imadya udzu wouma wokwana makilogalamu 10 patsiku, ndipo imamwa madzi oposa malita 25, ochulukirapo kukatentha.

Izi mungazione nokha. Khalani pafupi ndi ng'ombe masana, muiona itagona ikubzikula. Hatchi simudzaipeza ikutero. Funsaninso dokotala wa ziweto musanagule, ndipo muwerenge zolembedwa pathumba la chakudya, poti zakudya zina za ng'ombe zili ndi mankhwala amene kwa hatchi ndi poizoni.

Chonde, malangizo a gaga aja akakufikani pafoni, musawatumize kwa ena musanafunse odziwa za ziweto.