Tinatsika Khwekhwerere kukafuna likulu la Kalonga

Sabata yathayi inandimaliza ine. Masiku anayi tili mu holo pa Dedza boma, wekishopu younika ntchito ya chaka chonse, azungu otipatsa thandizo akhala kutsogolo ndi malaputopu awo, ndiye tsiku loti ndiyime ine kufotokoza magetsi kuthima, jenereta ilibe mafuta, manambala a mu lipoti langa osagwirizana ndi a ku akaunti, abwana kumangondiponyera diso lija loti tikaonana ku ofesi. Kuzizira konse kwa pa Dedza kuja koma ine thukuta kamukamu. Titatseka Lachisanu, aPhiri amene timagwira nawo ntchito anangoti mawa tisathamangire ku Lilongwe, tikwere kagalimoto kawo titsike ku Mtakataka tikaone pamene panali likulu la dziko lino, mitu ipoleko. Tinali anayi, ine, aPhiriwo, Nabanda wa ku akaunti amene tinali tisakulankhulana bwinobwino chifukwa cha manambala aja, ndi kamnyamata kena kophunzira ntchito.

Tinakhotera pa Masasa. Amene munatsikako Khwekhwerere mukudziwa, msewu wokhotakhota ngati njoka, mabuleki mpaka kununkha, nyanja ikuonekera patali uko. Pofika pa Golomoti majuzi onse tinali titavula, kunja kwasanduka kwina, kutentha, malambe mbali zonse.

Ine ndinene zoona, dzina loti Mankhamba ndinalimva ku pulayimale basi, lija loloweza kuti ukhoze mayeso, sindinkadziwa n'komwe kuti ndi kuno ku Dedza konkuno. Malowa ali ku Mtakataka, m'dera la Inkosi Kachindamoto, kufupi ndi mtsinje wa Nadzipulu. Apa ndi pamene ankakhala Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi, ndipo dzina loti Malawi limene tinatenga polandira ufulu mu 1964 lichokera kwa anthu amenewa. Mbiri ya pakamwa imati anachokera ku Uluwa, ku Congo uko, ndipo sanabwere ulendo umodzi ayi. Oyamba kufika anali a mfunda wa Banda, kenaka pambuyo n'kubwera a Phiri ndi Kalonga wawo.

Apa ndi pamene mkangano unabuka m'galimoto kkkk. APhiri akuti ufumu ndi wathu, moto ndi wathu, malawi amene mukunyadira pa pasipoti ndi malawi a moto wa a Phiri. Nabanda, munthu amene anakhala duu kuchokera pa boma, anadzuka. Akuti aPhiri musatinamize, munatipeza ife tikulima kale, kachisi wa mvula anali wathu, inu munabwera ndi mipando yokha, mvula ikakana kugwa munkagwada kwa ndani? Ndipo pamenepa Nabanda sankanama. Mmene anagawanirana zinthu zinali choncho ndithu, a Phiri kulamula, a Banda kusunga nthaka ndi zopempha mvula. Mkazi wamkulu wa Kalonga, amene udindo wake unkatchedwa Mwali, ankachokera kwa a Banda. Koma wolowa ufumu sankachokera kwa Mwali, ankachokera ku bere la Nyangu, mayi wa ufumuwo, wa a Phiri. Paja kwathu kuno ufumu umatsata kuchikazi, mwana wa mlongo wako ndiye wako weniweni. Ine ndimaona ngati nzeru imeneyi ndi imene inagwira ufumuwo zaka zonse zija, palibe mbali imene ikanayenda payokha, wina ali ndi mkondo wina ali ndi mvula, ndipo onse akumana m'nyumba imodzi.

Ngakhale ophunzira nawo ali ndi mkangano wawo. Ena akhala akulemba kuti Kalonga ankakhala ku Manthimba, ndipo Mankhamba anali malo a kachisi chabe. Koma Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wathu wofukula zakale, anakumba pa Mankhamba penipeni ndipo zimene anatulutsa m'nthaka si za pakachisi pokha ayi. Mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, zidutswa za mbale zadothi za ku China, zibangili za minyanga ya njovu, zinthu za mkuwa, zitsulo, mafupa a nyama zimene ankadya, mapale osawerengeka. Zikuonetsa kuti anthu anakhazikika pamenepa kuyambira m'zaka za m'ma 1400. Taganizani, mbale ya ku China kufika ku Mtakataka kulibe msewu wa tala, kulibe njanji, yadutsa m'manja angati kuchokera kugombe. Mkuwanso kuno sitikumba, unkachita kubwera. Chimene ankagulitsa kwambiri ndi minyanga, kuphatikizapo makasu ndi zitsulo zina zimene ankasula okha.

Ufumuwo unakula mpaka kudutsa malire amene tili nawo lerowa. Undi anachoka n'kukakhazikitsa wake ku Mano, mbali ya Mozambique. Kaphwiti ndi Lundu analowera kuchigwa cha Shire. Apwitikizi a ku Tete analemba za mfumu ina yamphamvu dzina lake Muzura, imene mu 1608 inawatumizira ankhondo 4,000 kukathandiza pa nkhondo za kwa Mwenemutapa, ndipo mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anadutsa pamudzi wa mfumuyi paulendo wake wapansi wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. Mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati Muzura ameneyu anali Kalonga kapena mfumu ina yapadera. Kutha kwake kunabwera pang'onopang'ono, mafumu ang'onoang'ono kuyamba kuchita malonda paokha osadzeranso ku likulu, kenaka malonda a akapolo, Ayao ndi mfuti zawo, Angoni ndi zishango zawo. Kalonga Sosola, womaliza kukhala kuno, anaphedwa ndi Ayao m'zaka za m'ma 1860. N'chifukwa chake lero Achewa akafuna kukalambira mfumu yawo pa mwambo wa Kulamba amakwera mabasi mu Ogasiti kupita ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, kwa Kalonga Gawa Undi. Mpando unatsata bere la Undi, kuno kunatsala dzina.

Tisanapite kumaloko tinayamba taima pa Mua, paja sungafike dera limeneli osalowa pa mishoni. Ansembe a White Fathers anafika pamenepa mu 1902, ndipo nyumba zawo za njerwa zilipobe, zamakhonde aatali, mitengo ikuluikulu, mthunzi wake wokoma zedi ukachoka padzuwa la pa Golomoti. Amene anayambitsa Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso a pa mishonipo, mu 1976 ndi bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda woti Chisale. Mu Chamare Museum muli chipinda chodzaza ndi zigoba za gule wamkulu mazanamazana, kuzungulira mpaka m'mwamba, kamnyamata kathu kaja kanangoima pakhomo kaye, akuti kwawo anakauza kuti zinthu izi wosameta saziyang'ana. Chimene chinandiseketsa chamumtima n'choti mishoni yomweyi m'zaka za m'ma 1920 inali pa nkhondo yeniyeni ndi zinyau, kulimbirana ana, ansembe akufuna apite ku sukulu, akumudzi akufuna apite kudambwe, milandu mpaka kwa DC. Lero ukafuna kuona gule wosungidwa bwino ukamupeza kwa ansembe konko. Dera lomweli ndi kumene kunachokera Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chikatolika wa Chimalawi, amene pambuyo pake anadzakhala episkopi wa Dedza.

Kuchoka apo ndiye kufunsa njira. Tinafunsa anyamata a kabaza, mmodzi akuti Mankhamba ake ati, wina akutilozera kwina. Amene anatithandiza ndi agogo ena aamuna amene tinawapeza akusosa m'munda, khasu paphewa, ndipo titawapatsa moni n'kufotokoza anaseka kaye. Akuti ana anga mwachokera kutali kudzaona dothi? APhiri anayankha mwaulemu kuti eya agogo, dothi lomwelo. Anatitsogolera kamtunda pang'ono n'kutambasula dzanja, kuyambira uko mpaka kumtsinje uko.

Minda. Mizere yakale ya chimanga, mapesi, mbuzi zikudya, mlambe umodzi waukulu. Ine ndinali ndi chithunzi m'mutu cha zipupa zamiyala ngati za ku Great Zimbabwe, koma makolo athu ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zimenezo chiswe ndi mvula sizichedwa nazo. Mumtima ndinakhumudwa pang'ono, ndisaname. Nyumba ya ansembe ya zaka 100 ndi kanthu ili chiimire, alendo akujambulitsa, pamene mzinda umene unalamula kuchokera kunyanja mpaka ku Zambezi ukuudutsa osadziwa kuti waponda pabwalo la mfumu. Ndipo sindikuimba mlandu a mishoni ayi, iwo anasamala zawo ndi zathu zomwe. Ife eni ake ndi amene timakonda kutchula Maravi pa mayina a mabizinesi ndi matimu koma kumaloko sitifikako.

Agogo aja anawerama, kupalasa ndi chala pamzere, n'kutola phale laling'ono ngati chikhatho cha mwana, lakuda mbali imodzi, m'mphepete muli timizere tocheka bwinobwino. Akuti izi timazitembenuza ndi khasu chaka chilichonse, mvula yoyamba ikagwa zimachita kuyera pamtunda. Tinalandirana m'manja mmodzimmodzi. Nabanda analiyang'anitsitsa nthawi yaitali n'kunena kuti woumba uyu anali Nabanda mnzanga, aPhiri ankangodikira nsima. APhiri akuti nanga nyama ya mumphikamo anasaka ndani. Kamnyamata kaja kanafuna kuliika m'thumba, agogo n'kukaniza, akuti siya pomwepo mwana wanga, si zako, si zanganso. Kanalibweza pamzere pomwe linali.

Pobwerera tinaima pa Golomoti kudya chipisi ndi kanyenya wa mbuzi, foni yanga n'kuyamba kulira, netiweki yabwerera, mamesiji atatu a abwana onse ofunsa lipoti lokonzedwa Lolemba 8 koloko. Ndinamuonetsa Nabanda. Anapukuta mafuta m'manja, n'kutulutsa laputopu m'chikwama pomwepo pa benchi ya achipisi, akuti bweretsa tione, mwina ndi ine ndinawerengera kawiri ndalama za mafuta a mu Juni. Analidi iyeyo. APhiri anangoti tikwere Khwekhwerere kusanade, magetsi a galimoto yawo limodzi ndi lakufa.