Kobiri lobooka lija silingagule galimoto

Pa msika wa Lizulu mphekesera iyi siikutha: ukapeza kobiri lobooka pakati la nthawi ya atsamunda, kapena simbi ya makala ya katambala pamwamba, basi umphawi watha, azungu adzagula mamiliyoni. Ena amafika ponena kuti m'simbimo muli chinthu chodula kwambiri chotchedwa "red mercury". Chinthu chimenecho kulibe, ndi bodza lomwe akathyali adyera nalo anthu m'mayiko ambiri.

Kobirilo ndi peni ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963. Lili ndi njovu ziwiri zoimirira, bowo lili pakati pawo. Makobiriwa anasulidwa ankhaninkhani, n'chifukwa chake agogo ambiri akadali nalo m'kachitini kosungira mabatani ndi singano. Nanga chinthu chopezeka khomo ndi khomo chingadule bwanji?

Pa okushoni, kaya ku London kaya ku Johannesburg, ukalamba pawokha sukweza mtengo. Ogula amalimbirana chinthu chosowa, chosaperepeseka, komanso chokhala ndi umboni wa komwe chachokera ndi manja omwe chadutsamo. Kalata yakale yokhala ndi deti ndi chidindo cha positi ofesi ikhoza kuposa thumba lonse la mapeni.

Malume anga ku Bembeke anakwecha kobiri lawo ndi phulusa ndi ndimu mpaka linati mbee, amvekere likhale lokongola ogula akabwera. Apa ndiye anaphonya kwambiri. Osonkhanitsa makobiri amafuna mtundu woderako womwe umabwera ndi zaka, ndipo lokwechedwa amaligwetsa mtengo akangoona timizere ta phulusa.