Wilo yolembedwa bwino imatha kugwa pa kasainidwe

Munthu akamwalira osasiya wilo, lamulo ndilo limagawa chuma chake, ndipo lamulo silimudziwa. Silidziwa kuti m'nyumba mwake munakulira mwana wa mchemwali wake amene ankamutenga ngati wake, kapena kuti galimoto analonjeza kuti idzakhala ya wakuti. Limatsata mndandanda wake wa achibale basi. Pakadali pano banki imatseka akaunti mpaka khoti litapatsa munthu wina chilolezo choyendetsa chuma cha masiye, ndipo zimenezi zimatenga miyezi, sukulu ya ana isakudikira.

Wilo imakupatsani mphamvu yonena nokha amene adzalandire chiyani, amene adzayendetse chuma chanu, ndiponso amene adzalere ana osakwana zaka 18. Mfundo ya ana imeneyi makolo ambiri saiganizira, pomwe kwa ine ndiyo yolemera kuposa ya nyumba. Sankhani munthu woti mwakambirana naye ndipo wavomera.

Chimene chimandiwawa pa ntchito yathu ya uloya n'kuona wilo yomveka bwino ikukanidwa chifukwa cha mmene inasainidwira. Mayiko ambiri amene malamulo awo anachokera ku England amatsatira njira ya lamulo la kumeneko la mu 1837. Wilo ikhale yolembedwa, mwiniwake aisaine pamaso pa mboni ziwiri zimene zilipo nthawi imodzi, kenako mbonizo zisaine iye akuona. Mboni ina ikasaina m'mawa ina madzulo, chikalatacho chingathe kukhala chopanda ntchito. Msampha wina ndi uwu: mboni isakhale munthu amene mwamulembera kanthu mu wiloyo, kapena mwamuna kapena mkazi wake. Mukatero wilo imaima ndithu, koma iyeyo amataya gawo lake. Ambiri amaitana mwana wawo wokondedwa kuti achitire umboni poti ndiye amamukhulupirira, osadziwa kuti akumulanda cholowa ndi dzanja lawo lomwe. Mboni siziyenera n'komwe kuwerenga zimene mwalemba, zimangotsimikiza kuti munasaina ndinu, mutu ukugwira bwino, popanda wokukakamizani.

N'chifukwa chake ndimati lembani mukadali ndi thanzi. Wilo yosainidwa pa bedi la m'chipatala ndiyo achibale amathamangira nayo kukhoti kuti munthuyo sankazindikira.

Dziwaninso kuti si chuma chonse chimadutsa mu wilo. Ndalama za penshoni ndi za inshulansi ya moyo kawirikawiri zimapita kwa amene munamulemba pa fomu ya kumeneko, ngakhale mutakhala kuti munamulemba kalekale ndipo banja linatha. Pitani mukaione fomuyo. Ngongole nazo zimayamba kubwezedwa anthu asanagawane kanthu, choncho zilembeni poyera pamodzi ndi katundu wanu.

M'mayiko ambiri, kulowa m'banja kumafafaniza wilo imene munalemba musanakwatire kapena kukwatiwa. Mukamanga banja, mwana akabadwa, kapena mukagulitsa chimene munachitchula mu wilo, lembani yatsopano yonena momveka kuti yakale yathetsedwa. Musafufute kapena kuwonjezera ndi cholembera pa yakaleyo. Chikalata chenichenicho, osati fotokope, chisungidwe kwa loya kapena kubanki, ndipo amene adzayendetse chuma chanu mumuuze lero kumene chili.