Njinga ikamazima mukaipatsa moto, musathamangire kugula kabuleta

Tsiku lina m'mawa kunafika mnyamata wa kabaza akukankha njinga yake yamoto ya Boxer, thukuta lili kamukamu. "Madala, ikaima ikulira bwinobwino, koma ndikangoipatsa moto imachita ngati yatsamwa, kenako zii. Ndagula kale kabuleta ina, mungondiikira." Kabuletayo, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya, inali m'jumbo, yonyezimira. Ndinamuuza kuti aisunge kaye pamodzi ndi lisiti lake.

Vutoli ndimakumana nalo pafupifupi sabata iliyonse, pa Boxer, pa TVS, ngakhale pa njinga za ku China zadzaza m'misewuzi, ndipo kawirikawiri kabuleta imakhala isanafe. Imakhala yangotsekeka penapake, kapena mafuta sakuifikira mokwanira.

Injini imadya mpweya wosakaniza ndi petulo, pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo tikayeza kulemera kwake. Njinga ikaima n'kumalira payokha imangofuna timafuta tochepa, todutsa pa kabowo kakang'ono kotchedwa pilot jet. Mukapotokola chogwirira, chitseko cha m'kabuleta chimatseguka, mpweya umalowa wambiri nthawi imodzi, ndiye mafuta nawonso ayenera kuchuluka pompo. Akachedwa, injini imameza mpweya wokhawokha n'kuzima. N'chifukwa chake njinga yolira bwino itaima imatha kufa mukangofuna kunyamuka.

Funso langa loyamba limakhala lakuti, ikuzimira pati? Ikamafa mutangoyamba kupotokola, ndimakayikira pilot jet, chifukwa ndiyo imagwira ntchito mpaka cha pa kota ya moto. Pakatikati pamalamula singano ija imakwera ndi kutsika m'kabuleta. Ikamayenda bwino koma n'kumafooka mukatsegula moto wonse, monga pamtunda mutanyamula munthu ndi thumba la chimanga, pamenepo ndi bowo lalikulu la mafuta lotchedwa main jet, kapena mafuta akuchedwa kudzaza m'kambale ka pansi pa kabuleta.

Kenako pali mayeso osafuna sipanala. Injini itatentha, ikani choko pang'ono ndipo muipatse moto. Ikachita bwino, dziwani kuti mafuta akuchepa, poti choko imawonjezera mafuta m'chosakanizacho. Ikaipiraipira, n'kumatulutsa utsi wakuda ndi fungo la petulo, ndiye kuti mafuta achuluka kapena mpweya ukuchepa, ndipo muyambire pa air cleaner, siponji yosefa mpweya. M'miyezi ya fumbi, Seputembala ndi Okutobala, siponji ija imasanduka ngati chidina cha dothi. Ena akaona choncho amangoichotsa n'kumayenda opanda. Zimenezo ndimadana nazo, chifukwa fumbi limapita kukadya pisitoni ndi malingi, komanso mpweya umachuluka mopitirira n'kubweretsa kuzima komweko.

Boxer ya mnyamata uja titaiikira choko inadzuka. Ndiye tinatsata njira ya mafuta kuyambira kuthanki. Zulani paipi pa kabuleta, lozetsani m'botolo, tsegulani mpopi wa pansi pa thanki. Petulo azituluka moyenderera, osati dontho dontho. Akamadontha, kasefa ka pampopi kadzaza dzimbiri la m'thanki, makamaka kwa amene amakonda kuyendera rizevu, mafuta otsala pansi pa thanki, chifukwa rizevu imakoka pansi penipeni pomwe zinyalala zimadikha. Chivundikiro cha thanki nachonso chili ndi kabowo kopumira. Kakatsekeka, njinga imayenda kamtunda n'kuzima, mukatsegula chivundikiro mumamva mpweya ukulowa kuti fyuu, n'kulira ngati palibe chinachitika.

Kwa iye mafuta ankatuluka bwino. Ndinamasula kasikulu ka pansi pa kambale, n'kukhetsera zomwe zinalimo m'botolo loonekera mkati. Pansi pa petulo panadikha timadzi, tozungulira ngati mikanda. Nditamufunsa komwe amathira, anaseka mwamanyazi: wa m'zigubu, m'mbali mwa msewu. Sindinamudzudzule, pakuti mafuta akasowa pa filling station munthu wa kabaza sangagone ndi njala podikira mzere. Koma chigubu chimasunga madzi ndi mchenga, ndipo petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka chinyezi. Madzi ndi olemera kuposa petulo, amakhala pansi pa kambale, pomwe main jet imayamwira. Pa moto wochepa simuwamva, koma mukangotsegula, injini imamwa madziwo.

Titatsegula kambale tinapezanso kamchenga katatsekereza theka la bowo la pilot jet. Jeti mukaimasula, iyang'aneni padzuwa: kuwala kuzioneka kozungulira bwino. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena petulo woyera, n'kuipemerera ndi mpweya wa kompulesa. Musaitokose ndi singano yosokera kapena waya wolimba. Jeti ndi ya mkuwa wofewa, bowo likakula ngakhale pang'ono njinga imayamba kumwa mafuta ngati chidakwa, ndipo silibwereranso. Mukadali momwemo, gwedezani float, kachinthu koyandama m'kambale, pafupi ndi khutu. Mukamva mafuta mkati, yabooka. Ndipo ntchito yonseyi ichitikire panja, injini itazizira, kutali ndi mbaula ndi ndudu.

Zonsezi zikakhala bwino koma choko n'kumathandizabe, yang'anani labala yolumikiza kabuleta ndi injini. Ikang'ambika imaba mpweya. Injini ikulira, poperani pang'ono mankhwala otsukira aja pa labalayo. Kaliridwe kakasintha, mng'alu uli pomwepo.

Pulagi imachitira umboni. Nsonga yake ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zili bwino, yakuda mwaye ndi mafuta ochuluka, yoyera mbee ndi mafuta ochepa. Komanso pulagi yotopa, kapu yake yong'aluka kapena koyilo yofooka zimatha kupereka moto wokwanira njinga itaima koma n'kulephera injini ikalemedwa. Pulagi ndi yotchipa, yesani ina musanaganize za CDI, kabokosi kolamula moto wa pulagi.

Za kasikulu ka mpweya ka m'mbali mwa kabuleta, komwe aliyense wogwira sikuludiraiva amathamangira: kamakonza kaliridwe ka pansi basi, sikatsegula jeti yotsekeka. Ngati mukufunadi kukagwira, kamangeni mofatsa mpaka kafike, mukuwerenga kuti kazungulira kangati, kuti mudziwe pokabwezera. Pa njinga zambiri zazing'ono kamakhala pakati pa kamodzi ndi theka ndi kawiri ndi theka.

Mnyamata uja tinamukhuthulira thanki, tinatsuka majeti, n'kumuikira kasefa ka pulasitiki pa paipi ya mafuta. Anaizungulitsa kawiri pamsewu wafumbi wa kuseri kwa galaja, moto wonse, osatsokomola. Kenako anamangirira jumbo lija kumbuyo, nati akayesa kukambirana ndi mwini shopu ngati angamubwezere ndalama zake.