Mjaha wa atsikana a m'mayunivesite a ku America: chikho amachipeza bwanji?

Pa 18 Novembala 2023, pafupi ndi mzinda wa Charlottesville m'boma la Virginia, Parker Valby wa ku yunivesite ya Florida anasiya anzake onse kutali n'kufika woyamba pa mpikisano wa cross country wa bungwe la NCAA, loyendetsa masewera a m'mayunivesite a ku America. Koma chikho cha matimu sichinapite ku Florida. Chinapita ku yunivesite ya North Carolina State, yomwe inaposa Northern Arizona ndi pointi imodzi yokha, 123 kwa 124. Amene akuonera mjahawu koyamba amasokonezeka pamenepa, ndiye tiyeni tiwone momwe malamulo ake amayendera.

Kodi cross country ndi mjaha wamtundu wanji?

Ndi mjaha wa mtunda wautali wochitikira panja, pa udzu, m'matope ndi m'zitunda, osati pa bwalo lozungulira lija. Nyengo yake imayamba kumapeto kwa Ogasiti n'kutha mu Novembala, kuzizira kutafika. Pa mpikisano waukulu atsikana amathamanga mamita 6,000. Timu iliyonse imapatsidwa kamalo kake pa mzere woyambira, mfuti ikalira onse amaliyatsa limodzi, ndipo patsogolo pang'ono njira imayamba kuchepa. Apa m'pamene pamakhala kukankhana ndi zigongono, kupondana ndi nsapato za misomali, ndipo wogwa amadzuka anzake makumimakumi atamudutsa.

Wafika woyamba ndi wina, chikho chapita kwina. Zimatheka bwanji?

Apa ndiye pagona nkhani. Timu imalowetsa atsikana 7, koma owerengedwa ndi asanu amene afika msanga. Nambala imene mtsikana wafikira ndiyo mapointi ake: woyamba ali ndi pointi imodzi, wa nambala 10 ali ndi 10, wa nambala 60 ali ndi 60. Amaphatikiza manambala a asanu aja, ndipo timu imene yapeza mapointi ochepa ndiyo yapambana. Ochepetsetsa amene timu ingapeze ndi 15, atsikana ake akatenga malo asanu oyamba onse.

Tiyerekeze matimu awiri pa mpikisano wa matimu ambiri. Yoyamba ili ndi akatswiri atatu amene afika pa 1, 2 ndi 3, koma wachinayi wafika pa 20, wachisanu pa 30. Onse pamodzi ndi 56. Yachiwiri ilibe wotchuka aliyense, koma atsikana ake afika motsatizana pa 6, 8, 9, 11 ndi 13, zomwe zikupanga 47. Chikho chikupita kwa achiwiriwa.

Ine lamulo ili ndimalikonda kwambiri. Katswiri ngakhale athamange liwiro la mtondo wadooka, sangapeze zabwino kuposa pointi imodzi ija. Kaya wasiya mnzake ndi phazi limodzi kaya ndi mamita 200, ndi chimodzimodzi. Koma wachisanu wa timu, amene makamera samuonetsa n'komwe, amathamanga pakati pa chigulu pomwe atsikana angapo amalowa pa sekondi imodzi. Akalimba mtima pa mamita omaliza n'kudutsa anthu 8, wachotsera timu yake mapointi 8. Akafooka, wawonjezera. N'chifukwa chake makochi amathamangira uku ndi uku m'mbali mwa njira, mawu atasasa, kuuza mtsikana amene ali pa nambala 70 kuti yunifomu ili patsogolo pakeyo ndiyo ayenera kuidutsa. Pointi imodzi imene inalekanitsa North Carolina State ndi Northern Arizona ndi munthu mmodzi wodutsidwa penapake m'chigulumo. Tsiku limenelo katswiri wa North Carolina State, Katelyn Tuohy, amene anapambana mu 2022, anali kudwala ndipo anafika wachisanu, koma anzake ananyamula katunduyo ndipo sukuluyi inatenga chikho kachitatu motsatizana pansi pa kochi Laurie Henes.

Chinthu chimodzi choti musaiwale: othamanga amene abwera paokha opanda timu amachotsedwa powerenga mapointi a matimu. Choncho mtsikana akhoza kufika pa nambala 40 pa mjaha wonse, koma timu yake n'kulemberedwa 33.

Nanga awiri otsalawo amathamangiranji ngati sawerengedwa?

Manambala awo saphatikizidwa, koma malo amene atenga sapatsidwa kwa wina. Wachisanu ndi chimodzi wa timu yanu akafika patsogolo pa wachisanu wa timu ina, wamukankhira kumbuyo ndi nambala imodzi, ndipo timu inayo yalemedwa ndi pointi. Komanso mmodzi mwa asanu odalirika akavulala panjira, wotsatira ndiye amalowa m'malo. Timu imene atsikana ake omaliza mjaha sanakwane asanu siwerengedwa.

Matimu awiri akafanana mapointi zimatha bwanji?

Amayerekeza asanu aja awiriawiri: woyamba wa uku ndi woyamba wa uko, wachiwiri ndi wachiwiri, mpaka wachisanu. Timu imene yapambana pa atatu kapena kuposa ndiyo imakhala pamwamba. Zinachitikapo kwa anyamata mu 2022, pomwe Northern Arizona ndi Oklahoma State onse anapeza 83, ndipo Northern Arizona inatenga chikho popambana atatu kwa awiri.

Timu imafika bwanji ku mpikisano wa dziko lonse?

M'gulu la masukulu akuluakulu, lotchedwa Division I, dziko linagawidwa m'zigawo 9. Chigawo chilichonse chimachita mjaha wake kutatsala sabata imodzi, ndipo matimu awiri oyamba amadutsa osafunsa. Amenewo ndi 18. Mu 2024 anawonjezerapo matimu ena 13, kukwanitsa 31. Owonjezerawa sasankhidwa mwa nkhope. Amawerenga kuti pa mijaha ya m'kati mwa nyengo timuyo inagonjetsa kangati matimu amene adutsa kale. N'chifukwa chake makochi amapita ndi atsikana awo ku mijaha ikuluikulu ya mu Okutobala, monga ija ya ku Wisconsin, kukakumana ndi matimu amphamvu. Timu yongopikisana ndi ofooka imafika Novembala ilibe choonetsa.

Mtsikana waluso amene timu yake yalephera sataya mwayi. Mu 2024 momwemo panali malo 38 a othamanga paokha, ndipo onse pa mzere woyambira anakwana 255. Amene afika pa malo 40 oyamba amapatsidwa ulemu wa All-American.

Bwanji atsikana amathamanga mamita 6,000 pomwe anyamata amathamanga 10,000?

Ndi mbiri chabe. Lamulo la Title IX la mu 1972, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma, ndilo linatsegulira atsikana masewera a m'makoleji. NCAA inayamba mpikisano wa atsikana mu 1981, ndipo yunivesite ya Virginia ndiyo inapambana. Nthawi imeneyo mtunda unali mamita 5,000, ndipo anaukweza kufika 6,000 mu 2000. Kwa ine chifukwa chosiyanitsira sichikumvekanso. Atsikana omwewa amathamanga mamita 10,000 pa bwalo nyengo yake ikafika, ndipo pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa cross country amayi anayamba kuthamanga makilomita 10 mofanana ndi abambo mu 2017 ku Kampala. Ena amati mtunda waufupi umalola kuti othamanga mamita 800 ndi 1,500 alowe nawo m'timu, ndipo mfundo imeneyo ili ndi mutu, koma yokha sikwanira.

Kodi mtsikana wochokera kunja kwa America amaloledwa?

Inde, ndipo a ku Africa kuno aonetsa zakuda kumeneko. Sally Kipyego wa ku Kenya anapambana katatu motsatizana, 2006, 2007 ndi 2008, ali ku Texas Tech, kenako anakatenga mendulo ya siliva pa mamita 10,000 ku Olimpiki ya ku London mu 2012. Betsy Saina anapambana mu 2012, Ednah Kurgat mu 2017, Weini Kelati wobadwira ku Eritrea mu 2019, ndipo Doris Lemngole wa ku yunivesite ya Alabama, nayenso Mkenya, mu 2024.

Koma miyendo yokha sikulowetsa munthu. Ayenera kulembetsa ku NCAA Eligibility Center, komwe amaunika zotsatira za mayeso ake a sekondale ndi kufufuza ngati sanathamangepo ngati wolipidwa. Lamulo limene limapweteka ambiri ndi la kuchedwa: akamaliza sekondale amapatsidwa chaka chimodzi, ndipo akapitiriza kupikisana kupitirira pamenepo asanalowe yunivesite, amamudula zaka zothamangira. Makolo adziwenso kuti masukulu a m'gulu lachitatu la NCAA, lotchedwa Division III, sapereka ndalama za sukulu chifukwa cha masewera.

Akalowa, amathamanga zaka zingati?

Lamulo lakhala loti nyengo zinayi m'kati mwa zaka zisanu. Chaka chopumacho, chimene amachitcha redshirt, chimathandiza wovulala kapena amene akufuna kukhwima kaye. Ayenera kukhala wophunzira weniweni wolowa m'kalasi mokwanira ndi kumakhoza, apo ayi amaimitsidwa. Maola a masewera olamulidwa ndi kochi saloledwa kupitirira 20 pa sabata.

Pali choopsa chimene mtsikana ndi makolo ake ayenera kudziwa?

Chilipo, ndipo sichionekera pa mapointi. Chifukwa choti aliyense akulimbirana kulowa pa 7 aja, atsikana ena amayamba kudzimana chakudya poganiza kuti akaonda athamanga kwambiri. Miyezi yoyamba liwiro likhoza kukwera, koma thupi limayamba kudzidya lokha: mtsikana amasiya kusamba kumwezi, mafupa amafooka, ndipo a mwendo ndi a phazi amayamba kuchita ming'alu. Madokotala amalitcha vutoli RED-S. Mtsikana wothamanga akadutsa miyezi itatu osasamba, chimenecho si chizindikiro choti wakhwima pa masewera, ndi chifukwa chokaonana ndi dokotala. Kholo lisanavomere sukulu iliyonse, lifunse ngati timuyo ili ndi katswiri wa za kadyedwe, ngati kochi amakweza atsikana pa sikelo, komanso kuti mwa amene analowa zaka zinayi zapitazo ndi angati akuthamangabe.