Musanalipire wojambula ndi droni, mufunseni za tsiku la chiperoni

Mwezi wa Juni chaka china, mayi wina amene ali ndi loji kufupi ndi Likhubula anandiimbira foni ali wokhumudwa. Anali atalipira mnyamata wina wa mutauni kuti ajambule malo awo ndi droni, kandege kakang'ono kaja konyamula kamera. Mnyamatayo anafikadi pa tsiku limene anapangana, koma anapeza chiperoni chitakuta phiri lonse. Anaulutsa kandege kake mphindi 15, n'kulongedza, ulendo. Mu kanema amene anatumiza munali denga la malata, kapinga wonyowa, ndi nkhungu yoyera kumbuyo kwake.

"Achimwene," anatero mayiwo, "alendo anga amatsata phiri. Nanga phirilo lili kuti?"

Atamufunsa mnyamatayo, anawayankha kuti phukusi limene anasankha linali la ulendo umodzi, kubweranso ndi ndalama zina. Sananame. Papepala panalembedwadi choncho.

Inenso ntchito yanga ndi yomweyi, ndipo nkhaniyi imandipweteka chifukwa ndalama za mayiwo zikanatha kupulumuka ndi funso limodzi lokha. Ojambula ambiri amagawa ntchito yawo m'maphukusi atatu, laling'ono, lapakati ndi lalikulu, ndipo amawasiyanitsa ndi mphindi za kanema, ukulu wa droni ndi mawu akuti 4K, onena za kuoneka bwino kwa chithunzi. Mwini bizinesi amayang'ana manambala amenewa chifukwa ndiwo olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Koma kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo chimene chimalamula ntchitoyi ndi thambo. Phukusi losanena chimene chidzachitike nyengo ikakana, ngakhale litatsika mtengo chotani, lisiyeni.

Taganizirani mmene chaka chathu chimayendera. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amakhala atabiriwira bwino, otchola ali mbwee m'minda, mitsinje ya Likhubula, Lichenya ndi Ruo itadzaza, ndipo mathithi akuoneka m'mbali mwa phiri. Kanema wa nthawi imeneyi amakopa maso. Vuto lake ndi lakuti mitambo imasonkhana msanga, ndipo dzuwa likamafika paliwombo nsonga za phiri zimakhala zitabisika kale. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumakhala masiku oyera ngati galasi, koma ndi nthawinso ya chiperoni, chimene chimatha kukhazikika masiku angapo osasuntha. Droni zambiri zimene timagwiritsa ntchito sizinapangidwe kuti zinyowe, ndipo mvula yowaza ija imalowa m'mainjini ndi kuphimba galasi la kamera. Ndi m'miyezi yomweyinso pamene maesiteti amadulira tiyi, choncho munda umene munauona wobiriwira mu Malichi mutha kuupeza uli zitsa zofiirira. Tikafika Seputembala ndi Okutobala mvula kulibe, koma utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimadzaza mlengalenga, moti munthu ali ku Thyolo amangoona phiri la Mulanje ngati chithunzithunzi.

Pali china chimene wojambula wachilendo sachidziwa msanga. Kwa anthu a ku Likhubula, ndiponso kwa amene amaonera phiri ali ku Thyolo kapena ku Luchenza, dzuwa limatulukira mbali ya phiri. M'mawa thanthwe la Chambe limakhala mumthunzi, ndipo kamera ikaloza komweko imangotenga chinthu chakuda. Limawala bwino madzulo, dzuwa litapendeka. Ndiye munthu amene wakulonjezani ola limodzi, n'kufika 9 koloko m'mawa chifukwa ndi nthawi imene basi yamufikitsa, sangakupatseni chithunzi chimene muli nacho m'maganizo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikamajambula loji kapena munda, ndimafuna kukhalapo m'mawa ndi madzulo a tsiku lomwelo, ndipo m'pangano ndimalembamo tsiku lina lapadera loti ndidzabwerenso popanda malipiro atsopano ngati nyengo yatikaniza. Amene akuchokera kutali mwina adzapempha ya mafuta a ulendo wachiwiri. Palibe cholakwa, bola zilembedwe musanapereke dipoziti.

Tsopano za mphindi. Batire limodzi la droni wamba limauluka mphindi 20 mpaka 30, ndipo mphepo ikakhala yamphamvu kapena mukakwera kumtunda kwa phiri, kumene mpweya ndi wopepuka, limatha msanga kuposa apo. Funsani kuti abwera ndi mabatire angati. Osachepera atatu ndiye zabwino, makamaka poti magetsi sitingawadalire kuti titchaja pakati pa ntchito. Komanso musasokoneze mphindi zouluka ndi mphindi za kanema womalizidwa. Pa ola lathunthu lojambula, zabwino zenizeni zimene zimatsala zimakwana mwina mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndipo n'zokwanira. Kasitomala amene akuona kanema wanu pa foni ali m'minibasi sangapirire mphindi 10 za madenga.

Apa m'pamene maphukusi amasiyana kwenikweni. Ena amangokupatsani zonse zimene kamera yatenga, zosadula. Ena amaedita: amasankha zabwino, amalumikiza, amakonza mitundu, amaikamo dzina la bizinesi ndi nambala ya foni. Ntchito yaikulu ili pa kompyuta, ndipo imatenga nthawi yochuluka kuposa kuuluka. Ngati mulibe munthu wodziwa kuedita, phukusi lotchipa la zosadula lidzangokhala mu fulashi. Funsaninso kuti mukaona kanema woyamba, muli ndi mwayi wouza wojambulayo kuti asinthe kangati. Kawiri ndi muyeso wabwino.

Za 4K ndinene mwachidule. Ndi chithunzi cha timadontho 3840 m'litali ndi 2160 m'lifupi, kuwirikiza kanayi Full HD. N'chabwino kujambulira, chifukwa woedita amatha kudula mbali ina chithunzi osawonongeka. Koma mphindi imodzi yokha imatha kupitirira mamegabaiti 700, ndipo WhatsApp ndi Facebook zimafinya kanema aliyense musanamutumize. Ngati makasitomala anu ali pa WhatsApp, chofunika kwambiri n'chakuti mulandire kanema woimirira, wodzaza foni, wa masekondi 30 kapena kucheperapo, kuwonjezera pa wogona uja wa pa webusaiti kapena pa TV. Ndimakumana ndi eni mabizinesi amene analipira zambiri chifukwa cha 4K, koma kanemayo amakana kutumizika ndi bandulo yawo.

Droni imaonetsa malo. Imaonetsa kuti loji yanu ili pansi pa phiri, kuti munda wanu wa nanazi kapena wa makademiya ndi waukulu chotani, kuti sukulu yanu ili ndi bwalo, kuti kuchoka pa msewu wa tala kufika pakhomo panu si patali. Siingaonetse chipinda chogona, mbale ya nsima, kapena nkhope ya wolandira alendo. Wogulitsa malo kapena mlimi wofunafuna ogula akhoza kukhutira ndi zakumwamba zokha. Wa loji, wa lesitilanti, wa holo ya maukwati asankhe phukusi lophatikiza kamera ya pansi. Ndipo wa shopu ya pa Chitakale kapena pa Bvumbwe, amene denga lake n'lofanana ndi la mnzake, ndimamuuza mosabisa kuti ndalama zake zimuthandiza bwino akazipereka kwa wojambula wa pansi.

Alimi ena amafuna kudziwa kukula kwa munda kapena kuwerenga mitengo. Imeneyo ndi ntchito ina, yopanga mapu. Droni imauluka m'mizere ikujambula zithunzi mazanamazana zolowerana, kenako kompyuta imazisoka n'kukhala mapu oyezeka. Kanema wokongola sangakupatseni mahekitala. Luso limeneli lilipo m'dziko muno: boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo mu 2020 kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy, imene imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST ya konkuno ku Thyolo. Choncho kufunsa munthu kumene anaphunzira si chipongwe.

Mufunseninso za chilolezo. Zouluka zonse m'Malawi zimayang'aniridwa ndi a Civil Aviation, ndipo wochita malonda ndi droni ayenera kukuonetsani mapepala ake ochokera kumeneko. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, ili m'manja mwa a zankhalango, ndipo mu 2025 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi. Simungangofika n'kuulutsa kandege. Minda ya tiyi ya Satemwa, Lujeri, Makandi ndi ina ili ndi eni ake, ndipo ngati kukongola kwake kukhala mbali ya malonda anu, kapempheni kaye. Ku Muloza kuli malire a dziko la Mozambique, si malo oseweretsa kamera mlengalenga. M'midzi, yambirani kwa amfumu, ndipo pamwamba pa manda musadutsepo. Amayi otchola tiyi ndi ana osamba kumtsinje nawonso ndi anthu, nkhope zawo si zoti zingotengedwa kukakometsera bizinesi ya wina asanavomere. Pangano lanu linene kuti wopempha zilolezo zonsezi ndani, komanso kuti kandege kakagwera galimoto ya mlendo kapena mutu wa munthu, wolipira ndani. Wojambula wokhala ndi inshuwalansi amakwererako mtengo, ndipo chifukwa chake n'chimenechi.

Ziwiri zomaliza n'zimene zimayambanitsa anthu ntchito itatha. Choyamba ndi nyimbo. Nyimbo ya woimba wotchuka ili ndi mwini wake, a COSOMA alipo poteteza zimenezi, ndipo Facebook imatha kuzimitsa mawu a kanema wanu ikaizindikira. Wojambula akutsimikizireni kuti nyimbo imene waikamo ndi yololedwa pa malonda. Chachiwiri ndi umwini wa zithunzi. Kodi zosadula zija adzakupatsani? Kodi ali ndi ufulu wogulitsa chithunzi cha mathithi chimene munalipira inu kwa loji yoyandikana nanu? Ndinaonapo maloji awiri akulengeza malonda ndi chithunzi chimodzimodzi, eni ake osadziwa.

Mitengo sinditchula, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 koteshoni sikhalitsa, ndipo batire ndi mapiko a droni timagula kunja. Pemphani kuti koteshoniyo inene masiku amene ikhale ikugwira ntchito, ndiponso ngati mayendedwe ndi malo ogona zili momwemo. Perekani theka poyamba, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba kuti pakhale umboni, theka linalo mukaona kanema.

Mayi a ku Likhubula aja tinapangana nawo mwezi wa Meyi chaka chotsatira. Tsiku loyamba chiperoni chinabweranso, ndipo tinangojambula zipinda ndi khitchini. Patapita masiku atatu anandiimbira 2 koloko masana: "Achimwene, kwayera, Chambe yense ali poyera, fulumirani." Ndinaulutsa mabatire awiri dzuwa lisanalowe. Kanema amene amatumizira alendo awo mpaka lero ndi wa masekondi 40, ndipo phiri limaoneka kuyambira pa sekondi yoyamba.